Njovu za Makutu Omata

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, mabelo nkumapita ku msika wa Chinkhoma, m'midzi ya ku Kasungu mumaloŵa katundu watsopano: njinga, malata, batire la sola ndiponso kawailesi ka kanema. Dzuŵa likaloŵa, ana amadzaza pakhonde pa amene wagulayo, maso onse ali pagalasi. Pakati pa mafilimu a nkhonya ndi a ku Nigeria pamapezekanso ena akale a ku Hollywood, ojambulidwa agogo a anaŵa asanabadwe.

Kale kanema sanali wa m'nyumba. A mumzinda wa Blantyre ankapita ku Apollo, pamene a kumudzi ankadikira galimoto ya boma kuti idzatambasule chinsalu pabwalo la sukulu. Chimene chidasintha zinthu ndi tepi ya VHS, imene kampani ya JVC idatulutsa ku Japan m'chaka cha 1976. Popeza Malaŵi adalibe wailesi yakanema yakeyake kufikira 1999, anthu ambiri adayamba kuona zithunzi zoyenda m'tinyumba ta vidiyo ta pamisika. Pambuyo pake padabwera zimbale za DVD, ndipo lero filimu yathunthu imakwana m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo.

Mwa mafilimu akalewo, amene akondedwa kwambiri ndi aja osalira Chingerezi. Charlie Chaplin, m'filimu yake ya 1925 yotchedwa The Gold Rush, akuphika nsapato nadya chifukwa cha njala, ndipo aliyense amene adaonapo nkhokwe itatha mu Febuluwale amaseka akumvetsa bwino lomwe. Tom ndi Jerry, mphaka ndi khoswe amene William Hanna ndi Joseph Barbera adayamba kujambula mu 1940, sasiyana kwenikweni ndi Kalulu ndi Fisi a m'nthano: wamng'ono apulumukira nzeru, wamkulu achita manyazi.

Koma alipo mafilimu ena amene munthu wa ku Kasungu ayenera kuonera mosamala, chifukwa amakamba za kwao. Imodzi ndi Tarzan the Ape Man, ya kampani ya MGM, yotuluka mu 1932. Woseŵera ngati Tarzan anali Johnny Weissmuller, katswiri wosambira amene adapata mendulo zisanu zagolide pa mipikisano ya Olympics. Nkhaniyo akuti ikuchitikira mu Africa, koma oseŵerawo sadaponde kuno ayi. Adajambulira ku America, naphatikizamo zithunzi zina zotsala pa filimu ya Trader Horn ya 1931, imene idajambulidwadi kuvuma kwa Africa.

Njovu zomwe Tarzan akukwera ndi za ku Asia, zimene zimaphunzitsika msanga. Vuto lidali lakuti makutu ake ndi aang'ono. Ojambulawo adapanga makutu aakulu abodza, naŵamata pamitu ya njovuzo kuti zioneke ngati za kuno. Ku London ndi ku New York mwina ambiri sadazindikire. Koma mlonda wa nkhalango amene amakhala pa damu la Lifupa, naona njovu zikutsikira kumadzi madzulo, sangapusitsidwe: msana wa njovu ya kuno ndi wopindikira pansi, wa ija ndi wotukuka, ndipo makutu omata sakupiza monga amachitira eni ake dzuŵa likatentha.

Bodza la makutu ndi loseketsa chabe. Chosaseketsa ndi chimene azungu a m'nkhaniyo adadzera: akufunafuna manda a njovu kuti akatole minyanga. Anthu akuda ali m'menemo kungosenza akatundu, ndipo wina akagwa kuphompho ulendo umapitirira. Manda a njovu otero kulibe; minyanga imene idapita kunja idachoka pa njovu zophedwa. Nkhalango ya Kasungu, imene idakhala malo otetezedwa a National Park mu 1970, idali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka zimenezo, koma pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50 zokha chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzadzazanso nkhalangoyo.

Kubwera kwa njovuzo sikudakondweretse onse. Alimi a m'mphepete mwa nkhalango, kuno ndi kutsidya kwa Zambia, adandaula kuti minda yawo yaonongeka, ndipo mabanja ena alira maliro. Nchifukwa chake ngakhale Dumbo, filimu yokoma ya Walt Disney ya 1941, yonena za kamwana ka njovu kouluka ndi makutu ake, imafuna wamkulu pafupi ikamaonetsedwa m'midzi imeneyi. Mwana wa ku Limbe angathe kuikonda nagona mtima uli m'malo. Mwana wa kufupi ndi Lifupa maŵa lake adzapita kudimba kapena kukatola nkhuni, ndipo njovu imene angakumane nayo kumeneko si yoseŵera nayo, makamaka ikakhala ndi mwana. Ikaimika mutu nitambasula makutu ake onse aŵiri, alonda a nkhalango amauza alendo kuti aleke kujambula, abwerere m'mbuyo mwakachetechete.