Kodi pa Intaneti Amakulozani Ndani?

Mau amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Ambiri a ife tili ndi kabizinesi. Wina ali ndi nyumba yogona alendo ku Liwonde, wina sitolo ya zipangizo zaulimi pa Balaka, wina amagulitsa mpunga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Amene mwatsegula tsamba pa intaneti mwina mwalandirapo uthenga wa anthu olonjeza kuti mukawalipira akuikani pamwamba pa Google. Musanatulutse ndalama, tiyeni tione m'mene Google imasankhira tsamba loyamba.

M'chaka cha 1998, chomwe Balaka inapatulidwa ku Machinga nikhala boma palokha, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, Larry Page ndi Sergey Brin, anayambitsa kampani ya Google. Makina ofufuzira a masiku amenewo ankadalira kwambiri mau olembedwa pa tsamba, kotero ochenjera ankangobwereza mau amodzimodzi kambirimbiri kuti akwere. Awiriwa anati tisangomvera zimene tsamba likudzinenera lokha, tione kuti ndani akuliloza. Chala cholozeracho ndi linki, mau aja amene ukadinapo umapezeka uli pa tsamba lina. Njira yao yowerengera anaitcha PageRank.

Linki ili ngati mboni pa bwalo la amfumu. Mboni sizilemera mofanana, pakuti mau a munthu amene mudzi wonse umamkhulupirira amaposa a alendo khumi ongodutsa. Komanso mboni yoikira kumbuyo aliyense mau ake amapepuka. Tsamba lokhala ndi mapointi 10 likaloza masamba awiri, lililonse limalandira pafupifupi 5, koma likaloza masamba 100, aliyense amangonyambita.

Taganizaninso za munthu wokwera basi iliyonse imene waipeza, osafunsa kumene ikupita. Ameneyu adzadutsa pa Liwonde kawirikawiri, chifukwa misewu ya ku Zomba, Mangochi, Ntaja ndi Balaka imakumana kumeneko, pamene mudzi wa kumapeto kwa msewu adzaufika mwa apo ndi apo. Page ndi Brin anayerekeza munthu wotere pa intaneti: maulendo 85 pa 100 alionse amatsata linki, ena 15 amalumphira kwina. Tsamba limene amafikapo kawirikawiri ndilo lolemera.

Chitsanzo tili nacho pakhomo pompano. Mukalemba dzina lakuti Liwonde pa Google, nthawi zambiri chimayamba kuoneka ndi malo osungirako nyama. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo Prince Harry anagwira nao ntchitoyo. Mu 2018 mikango inabwezeretsedwa. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinalemba nkhanizi, ndipo malinki anabwera chifukwa panali nkhani yoti anthu anene.

Ntchito yokonza tsamba kuti lizipezeka msanga imatchedwa search engine optimization, mwachidule SEO. Anthu atadziwa kuti linki ndi yamtengo wapatali, msika wa mboni zonama unabadwa, ena nayamba kutsegula masamba opanda kanthu ongogulitsirapo malinki. Google sinagone. Mu 2005 panabwera chizindikiro cha nofollow, chouza makina kuti linki iyi si umboni, ndipo Wikipedia inachiika pa malinki ake otuluka mu 2007. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America ya J.C. Penney inakwera ndi malinki ogula. Eni sitolo anati sankadziwa, nachotsa kampani imene inkawagwirira ntchitoyo, komabe amene anatsitsidwa pa Google ndi iwo. Mu 2012 Google inatulutsa njira yogwirira chinyengochi yotchedwa Penguin, imene kuyambira 2016 nthawi zambiri imangonyalanyaza malinki otere, ndalama zanu n'kulowa m'madzi. M'chaka chomwecho cha 2016 Google inaleka kuonetsa poyera nambala ya PageRank, choncho wokuuzani kuti akudziwa nambala yanu akukupusitsani.

Lero malinki ndi chimodzi chabe mwa zinthu zambiri zimene Google imayang'ana. Imaonanso ngati tsamba likuyankha funso la munthu, ngati limawerengeka bwino pa foni, ndiponso kumene wofunsayo ali.

Nanga ife titani? Choyamba, lembetsani bizinesi yanu pa Google Maps, n'kwaulere. Chachiwiri, lembani zimene kasitomala akufuna kudziwa: mitengo, nthawi yotsegula, ndi njira yochokera pa depoti. Chachitatu, funani mboni zenizeni. Linki imodzi yochokera ku The Nation kapena The Daily Times, kapena ku kampani imene imakutumizirani alendo, imaposa malinki ogula mazanamazana.

Chomaliza ndi cha ife eni bungwe. Tisapangane kuti tonse tilozane mwachisawawa, chifukwa kusinthana malinki mopyola muyezo Google imakuwerengera ngati chinyengo. Koma ngati munagona pa nyumba ya alendo ya mnzathu nimukhutira, nenani zoona poyera ndipo mumloze. Zotsatira zake zimatenga miyezi, koma paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene ali ndi mafunso tionane tikamalandira chakudya.