Tisanatulutse ndalama za sola: mawu a pa chikondwerero chathu ku Gezina



Andipempha kuti ndilankhule za magetsi a dzuwa, poti ambiri mwanena kuti tikagawana chaka chino, masheya anu apita ku sola. Ndilankhula ngati munthu amene ndinaziona kale.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kumudzi magetsi anayamba kuthima maola ambiri tsiku lililonse. Kuno nako Eskom inkatigawira mdima, makamaka mu 2023. Chaka chimenecho ndinatumiza masheya anga onse ku Ntcheu kuti amayi anga aikiridwe sola. Woikayo ndinamupeza pa WhatsApp. Mtengo wake unali wotsika, ndipo ndinalipira zonse asanakwere n'komwe padenga. Miyezi inayi isanathe, batire inafa. Mlongo wanga atapita kukaona, anapeza kuti inali batire ya galimoto, mawaya opyapyala, panelo itayang'ana kumwera. Foni ya munthuyo mpaka lero siyankhidwa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyadi. Ndiye mverani zisanu izi.

Choyamba, lembani zonse zimene mukufuna kuyatsa, ndi maola ake patsiku. Babu la LED limadya ma watt pafupifupi 10, pamene ketulo yamagetsi imadya pafupifupi 2,000. Sola ya mababu, foni ndi TV si sola ya firiji ndi simbi. Mmisiri woona amafunsa zimenezi asanatchule mtengo. Akathamangira mtengo, musiyeni.

Chachiwiri, onani mapepala ake. Ku Malawi ziphaso za amisiri a magetsi zimachokera ku MERA. Kuno, ntchitoyo iyenera kusainidwa ndi wamagetsi wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour, ndipo iyeyo akupatseni satifiketi yotchedwa CoC. Popanda pepala limeneli, nyumba ikapsa a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Amisiri ena alinso ndi PV GreenCard ya bungwe la SAPVIA. Sola yolumikizidwa ku magetsi a mzinda iyenera kulembetsedwa ku City of Tshwane. Ambirife tili pa lendi, choncho musaboole denga la eni popanda chilolezo cholembedwa.

Chachitatu, funsani amisiri atatu, aliyense alembe mtengo wake papepala: dzina ndi mphamvu ya panelo, ya inverter, ya batire, zaka za waranti, komanso amene adzabwere chinthu chikawonongeka. Batire ya galimoto anaipangira kuliza injini, osati kuwalitsa nyumba usiku wonse. Batire ya asidi ya sola imafa msanga mukamaitsitsa kupitirira theka. Ya lithium ndi yodula, koma imakhalitsa.

Chachinayi, yang'anani denga. Ku Pretoria ngakhale ku Malawi, panelo imayang'ana kumpoto. Mthunzi wa mtengo wa mango ukaphimba mbali imodzi yokha, mphamvu imatsika kwambiri. Funsaninso mmene adzaimangire kuti mphepo kapena akuba asainyamule. Nyengo ya fumbi muziipukuta ndi madzi, m'mawa isanatenthe.

Chachisanu, musalipire zonse pakamodzi. Perekani gawo loyamba. Katundu akafika, wachibale ajambule zolembedwa pa batire ndi pa panelo, akutumizireni, mufananize ndi zimene zili papepala. Zotsalazo mudzamalize magetsi atayaka mpaka kucha kwa masiku angapo.

Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndisonkhenso ndalama zimene ndinataya zija. Ulendo wachiwiri ndinachita zimene ndakuuzanizi. Lero amayi anga sayendanso mtunda kukatchajitsa foni pa sitolo, ndipo ana a mlongo wanga amalemba za kusukulu usiku popanda kandulo.

Pempho langa kwa komiti ndi ili: mayi aliyense wofuna ngongole ya sola abweretse pepala la mtengo, ndipo mamembala awiri aliwerenge ndalama zisanatuluke m'bokosi. Ndalama zimenezi tazipeza pochapa, pomanga tsitsi ndi polera ana a eni, ana athu tili nawo kutali. Tisazipereke kwa munthu amene tangomuona pa foni.