Madzi a Pampopi ndi Moyo wa Makorali

Omvera ambiri angadabwe kumva kuti madzi abwino kumwa munthu akhoza kupha chamoyo china. Zimenezi amazidziwa bwino anthu oweta makorali m'mathanki agalasi. Makorali ndi tinyama ta m'nyanja zamchere, monga ku zilumba za Quirimbas ku Mozambique, timene timamanga matanthwe ndi laimu wochokera m'madzi.

Madzi a pampopi amathiridwa klorini kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Kawirikawiri amakhalanso ndi fosifeti, naitireti ndi kopa wochokera m'mipope. Munthu sazimva zimenezi, koma korali amafa nazo pang'onopang'ono. Kopa amapha tinyama topanda msana, pamene fosifeti amalepheretsa korali kumanga chigoba chake, nameretsa ndere zimene zimamukuta.

Vutoli limakula chifukwa tsiku ndi tsiku madzi a m'thanki amachepa posanduka nthunzi, koma zoipazo zimatsalira. Mwini thanki akamawonjezera madzi a pampopi, amangoziunjika mosazindikira.

N'chifukwa chake akatswiri amayamba asefa madzi ndi makina a reverse osmosis, amene sefa yake yoyamba yodalirika anaipanga Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan ku Los Angeles cha m'ma 1960. Akatero amasungunulamo mchere wa m'nyanja, kufikira magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Pobwezeretsa madzi amene aphwa sathiramo mchere, popeza mcherewo sunachoke.

Makinawa amadya ndalama, ndipo ambiri a pakhomo amataya madzi ochuluka kuposa amene amayeretsa. Komabe mtengo wake sungafanane ndi wa korali amene wakula zaka zambiri, n'kudzafera m'manja mwa womuweta.