Ganyu Yotsuka Mafuta Otayika: Mawu a Pamsonkhano wa ku South Bend



Mu 1989 sitima ya Exxon Valdez itagunda mwala ku Alaska, anthu zikwizikwi analembedwa ganyu yotsuka magombe, ndipo ambiri anadandaula za chifuwa pambuyo pake. Musati ndi zakutali ayi. Mu July 2010 paipi ya Enbridge inaphulika ku Marshall, Michigan, pompano apa. Panatayika mafuta oposa magaloni 800,000, ambiri n'kulowa mumtsinje wa Kalamazoo. Ena anamira pansi, moti kuyeretsa kunatenga zaka.

Ganyu yotere ndalama zake n'zokopa, inde, koma mpweya wa mafutawo uli ndi benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Ndiye musayambe musanachite maphunziro a HAZWOPER. Lamulo limatero, ndipo ndi udindo wa bwana. Funsani magolovesi, majombo ndi chotchinga pamphuno. Zovala zakuntchito osachapira pamodzi ndi za ana. Maola anu muzilemba m'kabuku. Bwana akakana, kadandauleni ku IOSHA ku Indianapolis, kapena ku MIOSHA ngati ndi ku Michigan. Lamulo la chitetezo limateteza wantchito aliyense, kaya mapepala ake ali bwanji.

Kumudzi akudikira madola, koma akudikiranso inuyo.