Giya Yothawa pa Mtsetse

Lero ndikuuzani za lole, ndipo musatseke wailesi, nkhaniyi ndi yanu.

Malemu bambo anga anandisiyira Bedford yakale, ya mtundu wa TJ, zija anayamba kupanga ku England mu 1958. Injini inali bwinobwino, koma giya yachiwiri inkathawa. Ndikangochotsa phazi pa moto, ndodo ija inkabwerera yokha pa nyutilo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinadula mphira wa chubu. Ndikalowetsa giya, ndinkakoleka mphirawo kuti ndodo isasunthe. Ndimvekere, basi ndakonza!

Tsiku lina ndinanyamula matumba a kachewere ku Dedza, ndikutsika msewu wa Khwekhwelele kupita ku Golomoti, anyamata atatu ali pamwamba pa katundu. Pakati pa mtsetse mphira uja unaduka, giya n'kuthawa. Abale, pa mtsetse lole yolemedwa imagwiridwa ndi injini kudzera m'giya. Giya ikatuluka, katundu yense amatsamira pa mabuleki, ndipo mabuleki akatentha sagwira. Ndinaikhulitsa kuchipupa cha phiri mpaka inaima. Palibe anavulala, Aleluya! Koma ana a eni ake aja ndikanakayankha chiyani kwa amayi awo?

Ndinaikokera kwa makanika wina wachikulire. Iwo anayamba ndi kukhetsa oyilo m'beseni, n'kundiuza kuti, "Abusa, pisani dzanja umu." Zala zinatuluka ndi tizitsulo tonyezimira. "Awa ndi mano a giya yanu. Akhala akudyeka inu mukuyendabe."

Tinamasula propshaft, tinachirikiza giyabokosi ndi jeke, n'kumasula mabawuti oigwiriza ku injini. Titaitsitsa, anatsegula chivundikiro, natsuka zonse ndi palafini. Chitsulo chilichonse ankachiyala pa thumba motsatana ndi mmene chatulukira, kuti pobwezera pasakhale chosokonekera. Kenako anandionetsa matenda. Timano ting'onoting'ono timene timakola giya tinali titaperepeseka. Foloko yokankha giya inali itadyeka, ndiye siinkafikitsa giya kumapeto. Kasipuling'i kogwira foloko pamalo pake kanali katafooka. Bering'i nayo inali kugwedera. Anati chinayamba ndi chimodzi, chotsika mtengo, kenako chinadwalitsa zinzake.

Giya ndi foloko tinakazipeza pa lole ina yakufa. Bering'i, kasipuling'i ndi gasiketi tinagula zatsopano, n'kuthira oyilo wa nambala 90. Ntchito inatenga masiku atatu, ndalama ya kachewere yense inathera pomwepo. Ndikanapita tsiku loyamba limene giya inathawa, sindikanalipira chotero.

Tsono ndifunse, mbale wanga, mlongo wanga: mphira wanu mwamanga pati? Ena m'banja mawu anasiya kukolana kalekale, koma Lamlungu mumamwetulira. Ena ngongole ikulira m'kati, inu mukukweza nyimbo kuti musaimve. Pamalo athyathyathya mphira umagwira ndithu, n'chifukwa chake umanyenga. Umaduka pa mtsetse, pamene mwanyamula ena.

Musadikire Khwekhwelele. Sabata ino imani, pitani kwa munthu wodziwa, mulole atsegule chivundikiro ngakhale muchite manyazi. Ndipo inu madalaivala, giya ikayamba kuthawa, musakweze munthu mpaka itakonzedwa. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.