Pamene Phula Lathera, Thandizo Lisathere Pomwepo

Mawu a Khonsolo ya Thyolo kwa anthu a m'mawodi pokonzekera nyengo ya mvula



Mlendo woyenda pa msewu wa M2 kuchokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe amaona minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse, ndipo amaganiza kuti kuyenda m'boma la Thyolo n'kosavuta. Maesiteti monga Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi ndi Naming'omba ali ndi misewu yawoyawo yokafika ku mafakitale. Koma mwa anthu 721,456 amene anapezeka m'boma lino pa kalembera wa 2018, ambiri amakhala kutali ndi phula: kuseri kwa mindayi, m'zitunda ndi m'zigwa zotsikira ku mitsinje ya Ruo, Thuchila ndi Nsuwadzi.

Ulendo wopita ku midzi yotere uli ndi zigawo zitatu. Galimoto yochoka pa Boma imayenda bwino pa phula kudutsa ku Makwasa kulowera ku Thekerani. Ikakhota, imalowa mu msewu wa dothi, womwe nthawi ya dzinja umaterera ndi kudukaduka. Pamene galimoto yalephera pamalowa kabaza, ndipo pamene kabaza walephera patsala miyendo ndi ulalo wa mitengo. Mlangizi wa zaumoyo wonyamula katemera, mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi wogwira ntchito aliyense wa khonsolo amadutsa zigawo zonsezi. Chigawo chimodzi chikaduka, ulendo wonse waduka.

Vutoli si la kuno kokha. Mu Januwale 1925, m'tauni ya Nome ku Alaska, kumpoto kwa America, munabuka matenda a diphtheria, omwe amatseka pakhosi ndi kupha ana. Nyanja inali itaundana, moti sitima yapamadzi sikanafika, ndipo njanji inadutsa kutali. Mankhwala anatsitsidwa pa siteshoni ya Nenana, ndipo anthu pafupifupi 20 anawanyamula mopatsirana pa ngolo zopanda mateyala zokokedwa ndi agalu, mtunda woposa makilomita 1,000, m'masiku osakwana 6. Izi zinatheka chifukwa njirayo inalipo kale: onyamula makalata ankaiyenda nthawi zonse ndipo ankadziwa popumira. Njira yopulumutsira moyo imakonzedwa tsoka lisanagwe.

Anthu a ku Thyolo anaziona okha mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, pamene mvula yosalekeza inawononga misewu ndi milatho m'maboma a kum'mwera. Koma ngakhale chaka chopanda namondwe chili ndi mavuto ake. Mayi amene matenda a kubereka amuyamba usiku amafunika kufika ku chipatala cha ku Thekerani, cha Malamulo kapena cha pa Boma, ndipo ambulansi singawoloke pamene kalavati yakokoloka. Mlimi wamng'ono wa tiyi amathyola kwambiri m'dzinja momwemo, ndipo masamba ake amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Akagonera m'thumba amatentha n'kuwonongeka. Ana a sukulu nawo amajomba mtsinje ukadzaza.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula ndi imene imakulitsa tiyi, chimanga ndi nthochi, choncho matope sangapewedwe. Chimene chingapewedwe ndi kuwadikira manja ali m'thumba. N'chifukwa chake khonsolo ikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu aliyense iyende njira zake zonse Novembala asanafike, ndi kulemba malo amene amaduka: dzina la mtsinje, midzi imene imatsekeredwa, ndi sukulu kapena chipatala chimene chili kutsidya. Pempho longoti "tikufuna msewu" limavuta kuliyika m'bajeti. Pempho lotchula malo ndi anthu okhudzidwa limamveka.

Chachiwiri, mndandandawo ulowe mu ndondomeko ya chitukuko cha m'mudzi, upite ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, ndipo khansala aunyamule kukafika nawo ku khonsolo. Umu ndi mmene mphamvu ku anthu zimayendera kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lochedwa limadikira chaka china. Ndalama sizikwanira malo onse nthawi imodzi, ndipo khonsolo iyenera kuyamba ndi malo amene atsekereza anthu ku chipatala ndi ku sukulu.

Chachitatu, ntchito imene ingatheke ndi khasu isadikire thirakitala. Chimene chimaononga msewu wa dothi ndi madzi oyenda pakati pake. Kufukula ngalande, kuchotsa zinyalala m'makalavati, kubzala udzu wa vetiva m'malo otsetsereka ndi kuleka kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu kumatalikitsa moyo wake. Mitengo ya ulalo imene yafumbwa isinthidwe madzi asanakwere.

Chachinayi, mabanja a kutali akonzekeretu. Mayi woyembekezera apite ku chidikiro masiku ake akayandikira, ndipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku asadikire kuti athe. Mtsinje ukasefukira, aliyense adikire kuti madzi aphwe, ngakhale ulendo ukhale wofulumira bwanji.

Udindo wa khonsolo ndi kulandira mindandandayi, kutumiza akatswiri a za misewu kukaona malowo, ndi kubweza yankho ku makomiti, ngakhale yankholo litakhala loti chaka chino sizitheka. Makomiti amene sanayankhidwe afunse kudzera mwa khansala wawo.