Muyeso Woyesera Makampani a Zobvala

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi pa msonkhano wao ku Mulungushi, Kabwe

Nkhani ya lero iri ya malaya a mpira ndi nsapato zothamangira, ndiponso ya anthu amene azisoka. Masukulu ambiri a m'midzi ali ndi bwalo la mpira, ndipo anyamata ambiri adziwa cizindikiro ca kampani ya Nike, cija cofanana ndi congi ca mphunzitsi m'kope la mwana wokhoza samu. Anyamata a Chipolopolo anabvala malaya a cizindikiro cimeneci pamene anatenga cikho ca Afrika ku Libreville m'caka ca 2012. Komatu congi ici kampani inadzipatsa yokha, ndipo mphunzitsi ali yense adziwa kuti mwana saloledwa kuconga kope lace.

Makampani akulu asindikiza mabuku caka ndi caka onena za zabwino zimene acitira anthu, monga mipira yopatsa masukulu ndi mitengo yobzala. Zimenezi si zoipa ai. Koma akulu akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cifukwa cace munthu wofuna kudziwa makhalidwe a kampani ayenera kufunsa mafunso anai. Loyamba: anasoka malayawo ndani, ali ndi zaka zingati, ndipo analandira ciani? Laciwiri: kodi kampani ilola anthu akunja kuyang'anira nchito yace? Lacitatu: kodi anchito akadandaula amveka? Lacinai: kampani ikacoka pamalo, isiya ciani m'mbuyo?

Kampani ya Nike inayamba m'caka ca 1964 ku Oregon, m'dziko la Amereka, ndi anthu awiri, Phil Knight ndi Bill Bowerman, ndipo dzina la Nike inalitenga m'caka ca 1971. Nsapato zace sizisokedwa m'mafakitale ace ai. Ipangana ndi eni mafakitale a ku Vietnam, Indonesia, China ndi maiko ena kuti aisokere. Apa ndipo panali gwero la mlandu, pakuti pamene madandaulo anayamba kumveka, akulu a kampani anayankha kuti anchitowo sanali ao.

M'caka ca 1996 magazini ya Life inasindikiza cithunzi ca mnyamata wa zaka 12 wa ku Pakistan alikusoka mpira wa cizindikiro ca Nike. M'caka cotsatira kunabvumbuluka kalata wa oyendera a Ernst & Young, amene kampani yomweyo inawatuma, wonena kuti m'fakitale ina pafupi ndi Ho Chi Minh City anchito anali kupuma mpweya wa mankhwala ochedwa toluene wopitirira kutali muyeso wa lamulo. Anthu ogula, makamaka ophunzira a m'makoleji a ku Amereka, anakwiya nayamba kukana katunduyo. Pamenepo, m'mwezi wa May 1998, Phil Knight analonjeza pamaso pa olemba nkhani ku Washington kuti osoka nsapato adzakhala a zaka 18 kapena kuposa, ndi osoka malaya a zaka 16 kapena kuposa. Munthu wina wa ku California anasumiranso kampani kuti inanena zosaona za umoyo wa anchito. Mlanduwo unatha ndi kumvana m'caka ca 2003, kampani nipereka madola 1,500,000 ku bungwe la Fair Labor Association. M'caka ca 2005 inaulula maina a mafakitale oposa 700 amene anali kuisokera katundu, kotero kuti ali yense wofuna kufufuza anadziwa kopita.

Woyesa mwacilungamo ayenera kubvomereza kuti pa funso la ana ndi pa funso la kulola oyang'anira, kampani iyi inasintha ndithu. Ayeneranso kuona kuti inasintha itakakamizidwa ndi manyazi ndi kuopa kutaya ogula. Funso la malipiro silinathe msanga cotero, pakuti m'caka ca 2018, nyengo ya mpira wa cikho ca dziko lonse ku Russia, bungwe la Clean Clothes Campaign linadandaulabe kuti Nike ndi Adidas apereka ndarama zambirimbiri kwa akatswiri a mpira pamene osoka malaya alandira zosakwanira kudyetsa banja. Funso lacinai nalonso liri ndi phunziro lace. M'caka ca 2006 Nike inaleka kugula mipira kwa Saga Sports ya ku Sialkot, ku Pakistan, ponena kuti malamulo a nchito sanali kusungidwa, ndipo nchito za anthu zikwi zambiri zinagwedezeka. Kampani inayeretsa dzina lace, koma katundu wolemera anagwera osauka.

Tsono muyeso womwewo uyenera kugwira nchito pano pa Kabwe, popeza sikuli koyenera kuloza cala ku Asia ndi kuiwala za pakhomo. Fakitale ya nsaru ya Mulungushi inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, niyamba kuomba nsaru m'caka ca 1982, iri m'manja mwa Boma. Zitenje zace zinafika m'masitolo a m'dziko lonse. Citapita caka ca 1991, Boma linatsegula malire a malonda, ndipo salaula ndi nsaru zotsika mtengo za kunja zinadzaza misika. Fakitale inalephera kupikisana nazo, niima m'caka ca 1996. M'caka ca 1997 inatsegulidwanso ndi dzina lakuti Zambia-China Mulungushi Textiles, kampani ya nsaru ya ku Qingdao itatenga magawo 66 pa 100, ndi Boma la Zambia magawo 34.

Zabwino zace sizibisika. Mgodi wa Kabwe unali utatsekedwa m'caka ca 1994, mabanja ambiri ali opanda copezera ndarama, ndipo fakitale inalemba anthu mazanamazana nigulanso thonje kwa alimi a m'midzi. Koma pa funso loyamba ndi lacitatu mbiri yace inali yobvuta. Andrew Brooks, wofufuza wa ku Britain amene anaceza ndi anthu ogwirapo nchito, analemba m'caka ca 2010 kuti malipiro anali ocepa, kuti ambiri analembedwa monga aganyu opanda pangano lokhalitsa, ndi kuti pakati pa anchito ndi akapitao panali kusamvana kwakukulu. Eni fakitale naonso anali ndi mabvuto ao: makina okalamba, ndi mpikisano wa nsaru za ku Asia umene unakula m'caka ca 2005, pamene malamulo a dziko lonse ocepetsa malonda a nsaru anacotsedwa. M'caka ca 2007 makina anaima, anchito nabwerera kwao, ndipo m'zaka zotsatira maboma anayesa kangapo kuitsegulanso.

Poyerekeza ziwirizi paoneka cinthu cimodzi cacikulu. Osoka nsapato a ku Vietnam anamveka cifukwa ogula a m'maiko olemera anaima nao, ndipo dzina la Nike linali la mtengo wapatali loti kampani sikanalola kuti lide. Woomba nsaru wa ku Mulungushi analibe anthu otere omlankhulira; ogula citenje cace sanafunse za malipiro ace, ndipo ambiri a iwo, pokhala osauka, anapita ku salaula. Kampani isamala makhalidwe ace pamene pali maso oiyang'ana. Pamene palibe wofunsa, zolonjeza zikhala za papepala.

Za funso lacinai anthu a Kabwe safuna wowaphunzitsa. Mgodi unatsekedwa, koma mtobvu unatsala m'dothi ndi m'pfumbi la m'makomboni oyandikana nao, ndipo ulowa m'mwazi wa ana niufoketsa nzeru zao. M'caka ca 2020 anthu a kuno anasumira kampani ya Anglo American ku bwalo lalikulu la Johannesburg. Kampaniyo inakana mlandu, ndipo m'mwezi wa December 2023 bwalo linakana kuti onse azengere mlandu pamodzi monga gulu. Ena a ana obvutikawo akhala m'makalasi a aphunzitsi ali pano.

Nanga mphunzitsi wa m'mudzi, wopanda mphamvu pa malonda a maiko, angacite ciani? Coyamba, angasandutse malaya kukhala phunziro. Ana atembenuze kolala, awerenge dzina la dziko lolembedwa pa kansaru, nalipeze pa mapu. Pa nthawi ya samu ayerekeze mtengo wa malaya a mpira pa msika ndi mtengo umene atate ao alandira pa kilo imodzi ya thonje, nawerenge makilo ofunika kuti agule malaya amodzi. Pocita izi mphunzitsi asacititse manyazi mwana wobvala salaula, pakuti mlandu suli pa iye.

Caciwiri, kampani ikabwera ndi mphatso ya mipira kapena malaya, mphunzitsi wamkulu ailandire ndi ulemu nayamike mphatsoyo, koma asalembe kalata wocitira umboni zinthu zimene sanazione, ndipo asalole ana kuimba nyimbo zotamanda anthu amene mbiri yao sadziwa. Mipira khumi siifafaniza malipiro obedwa. Cacitatu, ana akulu amene posacedwa adzafuna nchito aphunzitsidwe kufunsa pangano lolembedwa, kudziwa maola ndi malipiro asanayambe, ndi kudziwa kumene kuli ofesi ya Boma yoona za anchito.

Ciphunzitso ici si cacilendo m'masukulu a misyoni. Buku la Deuteronomo, mutu 24, liletsa kucedwetsa malipiro a waganyu wosauka, ndipo kalata wa Yakobo, mutu 5, adzudzula eni minda omana okolola mphotho yao. Mwa ana okhala pa mabenci lero mudzaturuka ogula, osoka, akapitao, ndipo kapena eni mafakitale. Akaturuka m'sukulu atazolowera mafunso anai aja, adzawafunsa kwa Nike, kwa fakitale ya kwao, ndi kwa iwo eni pamene adzalemba ena nchito.